Tisalekere pa bomba: zimene filimu ya Gen inasiya m'buku

Ambiri a ife tinamudziwira pa foni Gen. Wina anatitumizira kacidutswa ka filimu ya makatuni, ka mphindi zocepa cabe. M'kacidutswako kunja kwaca bwino, kumwamba kulibe mtambo, ndipo kamtsikana kena kagwira cibaluni cofiira. Ndeke idutsa m'mwamba, kuwala koopsa kudzaza ponseponse, anthu n'kuyamba kusungunuka monga kandulo. Tinapenyerera titagwira pakamwa, tinatumizirako anzathu, basi n'kuganiza kuti nkhani yonse taidziwa.

Kacidutswako ndi ka filimu ya ku Japan yochedwa Hadashi no Gen, kutanthauza Gen wopanda nsapato. M'Cingelezi amati Barefoot Gen. Inatuluka mu 1983, ndipo inacokera m'mabuku 10 a nkhani ya zithunzi, aja amene ku Japan amati manga. Takhala pansi n'kuonerera filimu yonse, tawerenganso mabukuwo, ndipo ganizo lathu ndi ili: filimuyi ndi yabwino ndithu, koma ionetsa maka-maka zimene bomba linacita kwa anthu. Zimene anthu anacitirana okha-okha, bomba lisanagwe ndiponso litagwa kale, zambiri zinatsala m'buku. Mbali yotsalayo ndiye itikhudza kwambiri, ndipo ndi imene akulu-akulu ena ku Japan ayesapo kubisira ana.

Tiyambe ndi mwini nkhani. Keiji Nakazawa anabadwira mu mzinda wa Hiroshima mu March 1939. M'mawa wa pa 6 August 1945 anali ndi zaka 6, ataimirira pafupi ndi cipata ca sukulu yake, mtunda wopitirira pang'ono kilomita imodzi kucokera pamene bomba la atomu linaphulikira. Cipupa ca sukuluyo cinamuchinga. Mai wina amene anamuimika kuti amufunse kanthu anafera pomwepo. Atate ake, mlongo wake wamkulu ndi mng'ono wake anafa tsiku lomwelo nyumba itawagwera ndi kupsa. Amai ake anali ndi pakati, ndipo anabeleka mwana wamkazi tsiku lomwelo, mzinda uli kuyaka. Khandalo linakhala moyo miyezi pafupifupi inai cabe.

Atakula, Nakazawa anapita ku Tokyo mu 1961 kukagwira nchito yojambula manga, ndipo kwa zaka zingapo sanafune kujambula ciliconse cokhudza bomba. Cinamusintha ndi maliro a amai ake mu 1966. Ku Japan mtembo amautentha, pambuyo pake acibale amatola mafupa otsala n'kuwaika m'kamtsuko. Iye atapita kukatola mafupa a amai ake anapeza phulusa ndi tizidutswa tocepa. Anakhulupirira kuti poizoni wosaoneka wa bomba lija anadya ngakhale mafupa ao. Mkwiyo wa tsiku limenelo ndiwo unamugwiritsa colembera. Mu 1972 anajambula mwacidule mbiri ya moyo wake, ndipo mu 1973 nkhani ya Gen inayamba kutuluka mlungu ndi mlungu m'magazini ya anyamata ya Weekly Shonen Jump, magazini yomweyo imene pambuyo pake inatulutsa Dragon Ball, One Piece ndi Naruto. Inakhalamo mpaka 1974, kenaka inapitirira m'magazini ena ang'ono-ang'ono, ndipo nchito yonse inam'tengera zaka zoposa 10.

Filimu ya 1983 inajambulidwa ndi kampani ya Madhouse, motsogoleredwa ndi Mori Masaki. Tisainyoze, pakuti icita zinthu zina zimene pepala silingathe. Bomba linaphulika nthawi ya 8:15 m'mawa, pa mtunda wa mamita pafupifupi 600 kucokera pansi, ndipo filimu itiimika pansi pake penipeni. Tiona khungu likulendewera m'manja mwa anthu oyenda ngati ali m'tulo, mvula yakuda ikugwa, anthu akupempha madzi n'kumwalira atangomwa. Tiona Gen ndi amai ake, a Kimie, akulimbana ndi mtanda wa denga umene wapsinja atate, Eiko ndi Shinji, moto ukuyandikira, mpaka atate alamula mnyamatayo kuti athawe ndi amai ake. Tiona msilikali wooneka wathanzi akusosoka tsitsi ndi kusanza magazi, ndipo posapita nthawi nalo tsitsi la Gen liyamba kucoka. Cakumapeto Gen apeza ndalama, agula mkaka wa m'zitini, athamangira kunyumba, koma apeza kamlongo kake Tomoko katamwalira kale. Palibe amene angaonerere zimenezi maso ali ouma. Filimu itha ndi tirigu akuphuka pa nthaka yopserera, ndi tsitsi la Gen likuyambanso kumera.

Vuto lake ndi lakuti munthu akangoonerera filimu yokha, bomba lioneka ngati mphezi kapena civomezi, tsoka logwa kucokera kumwamba pa anthu amene anali kukhala bwino-bwino. Timva cisoni, tipukuta misozi, ndipo palibe funso lililonse lotsalira kwa ife. Buku silitilola kucoka mosavuta tero.

M'buku loyamba, bomba ligwa cakumapeto kweni-kweni. Masamba ambiri akamba za miyezi ya kumbuyo kwake, ndipo amene azunza banja la Gen m'masambawo ndi anansi ao enieni. Atate a Gen, a Daikichi Nakaoka, ndi mmisiri wokongoletsa nsapato za matabwa. Iwo akamba poyera kuti nkhondoyi Japan sangapambane, ndi kuti osauka ndiwo akufera phindu la olemera ndi akulu-akulu a asilikali. Pamene amuna a m'deralo aitanidwa kukaphunzira kubaya adani ndi nthungo za nsungwi, iwo aseka poyera, pakuti nsungwi ingacite ciani kwa ndeke zoponya mabomba? Cifukwa ca zimenezi apolisi awagwira ndi kuwamenya koopsa, ndipo banja lonse lipatsidwa dzina lakuti hikokumin, kutanthauza anthu oukira dziko lao.

Dzinalo likangokumatirira, aliyense apeza ufulu wokucita cipongwe. Katundu wa nchito ya atate aponyedwa mu mtsinje. Munda wa tirigu umene banja linali kudalira uonongedwa. Eiko anamiziridwa kuba ndalama ku sukulu, ndipo mphunzitsi amuvula zovala kuti amusece. Mkulu wake wa Gen, Koji, alembetsa yekha usilikali wa ndeke za nkhondo ali ndi zaka 17, pofuna kucotsa citonzo pa banja, ngakhale kuti atate ake amuletsa. Kumene apita, anyamata amenyedwa mpaka mmodzi wa anzake adzimangirira. Mkulu wake wina, Akira, atumizidwa kumudzi pamodzi ndi ana a sukulu anzake kuthawa mabomba, ndipo kumeneko njala iwasautsa. M'filimu ya 1983, Koji ndi Akira mulibiretu. Atate amveka akutsutsa nkhondo, koma cizunzo cimene analandira kwa anthu a mtundu wao cinafupikitsidwa kwambiri.

Wotsogolera citonzo conseci m'buku ndi Denjiro Samejima, wapampando wa komiti ya m'deralo. Pa nkhani ya kukonda dziko, mau ake ndiwo amveka kuposa a onse. Bomba litagwa, iye ndi mwana wake apsinjidwa ndi nyumba, ndipo amene awapulumutsa ndi Gen yemwe uja anali kumunyoza. Gen atawapempha kuti naonso am'thandize kunyamula mtanda umene wagwera abale ake, iwo athawa. Nkhondo itatha, Samejima yemweyo aimirira pa nsanja monga munthu wa ndale, n'kumauza khamu kuti iye anali wodana ndi nkhondo kuyambira kale. Munthu wotere safuna womasulira kuti timuzindikire. Tonse tinamuonapo, wosintha jekete mphepo ikasintha, amene dzulo anali kuloza anzake cala ndipo lero ali patsogolo pa olira maliro.

Palinso a Pak, mnansi wa banja la Gen wocokera ku Korea. Dziko la Korea linali pansi pa ulamuliro wa Japan kucokera mu 1910 mpaka 1945, ndipo anthu ake ambiri anabweretsedwa kudzagwira nchito zolemetsa m'mafakitale a nkhondo. Zikwi zambiri za iwo zinali mu Hiroshima tsiku la bomba. M'buku, atate a a Pak apulumuka moto koma amwalira cifukwa opereka cithandizo awakankhira kumbuyo poona kuti ndi a ku Korea. Nakazawa sanabise kuti pakati pa anthu opsa ndi bomba limodzi panali tsankho. Ndipo mbiri im'citira umboni: cipilala cokumbukira anthu a ku Korea amene anafa ndi bombalo cinamangidwa mu 1970 kunja kwa paki ya mtendere ya Hiroshima, ndipo cinalowetsedwa m'kati mu 1999.

Tsono bomba litagwa, nkhani ya m'buku ikali kutali ndi kutha. Pofika kumapeto kwa 1945, anthu pafupifupi 140,000 anali atamwalira mu Hiroshima. Mabuku 9 otsalawo akamba za amene anatsala. Gen ndi amai ake apita ku Eba, m'mbali mwa mzinda, kukapempha pogona kwa mnzao wakale wa amai. Mnzaoyo awalandira, koma apongozi ake awaona ngati katundu wolemetsa, awanamizira kuba, ndipo safuna n'kuwaona komwe. Gen apeza ganyu yosamalira Seiji, mnyamata wojambula zithunzi amene thupi lake lonse linapsa. Abale ake anam'tsekera m'cipinda cayekha, zilonda zili ndi mphutsi, poopa kuti matenda a bomba ndi opatsirana ndiponso kuti anansi angawaseke. Seiji alimo m'filimu, ndipo mbali yake ndi imodzi mwa zogwira mtima koposa. Koma m'buku tiona kuti iye ndi mmodzi cabe mwa ambiri. Atsikana okhala ndi zipsera kumaso alephera kupeza nchito ndi banja. Anthu abisa kumene anali pa tsiku lija, monga mmene Nakazawa mwini anacitira atafika ku Tokyo.

Ife amene tikumbukira zaka zimene matenda a AIDS anali kupululutsa anthu mankhwala asanabwere, sitingawerenge za Seiji ngati nkhani ya kutali. Tidziwa za odwala amene anapatuliridwa kapu ndi mbale yao-yao, ndi mabanja amene ananamizira matenda ena poopa pakamwa pa anthu. Mantha a matenda osadziwika asandutsa abale kukhala alendo, kaya ndi ku Eba kaya ndi kuno kwathu.

Buku lisonyezanso zimene akulu a boma anacita. Asilikali a America atayamba kulamulira Japan mu September 1945, anaika malamulo opanikiza manyuzipepala, ndipo nkhani za zimene bomba linacita m'matupi a anthu sizinali kulembedwa momasuka mpaka ulamulirowo utatha mu 1952. Bungwe la America lochedwa ABCC, limene linayamba nchito mu 1947, linali kupima opulumuka ndi kulemba zimene lapeza, koma nchito yake sinali yowaciritsa. Nakazawa analijambula mokwiya, monga malo amene munthu wodwala alowa n'kutulukamo atasanduka nambala m'kaundula. Boma la Japan nalo linacedwa: lamulo loyamba lopereka cithandizo ca mankhwala kwa opulumuka bomba linakhazikitsidwa mu 1957, patapita zaka 12. M'zaka zonsezo ana amasiye anali kugona m'mabwinja, kupukuta nsapato, kuba, ndi kusewenzetsedwa ndi magulu a zigawenga ochedwa yakuza. Ryuta, kamnyamata kamene Gen anakatenga ngati mng'ono wake cifukwa kanafanana ndi Shinji, m'filimu yoyamba ndi kosangalatsa ndi koseketsa. M'buku iye afika popha anthu ndi mfuti akali mwana. Mnzao wina, Musubi, akodwa ndi mankhwala osokoneza bongo, ndipo amwalira atamenyedwa ndi ogulitsa mankhwalawo. Nkhani itha mu 1953, Gen atakwera sitima kupita ku Tokyo kukaphunzira kujambula, atataya pafupifupi onse amene anayamba nao.

Pali zimene ena angatitsutse nazo, ndipo n'zomveka. Coyamba n'cakuti amene analemba mau a filimu ya 1983 ndi Nakazawa mwini wake, ndipo anali mmodzi wa oipanga. Ngati mwini nkhani anavomera kucotsa Koji ndi Akira, ife ndife ndani kuti tidandaule? Tivomera kuti palibe amene anam'bera nkhani yake. Koma filimu yosakwana ola limodzi ndi theka siingasenze katundu wa mabuku anai amene inatengako, ndipo wopanga filimu asankha zimene maso angagwire msanga. Moto uoneka bwino pa sikirini. Mnansi amene waleka kukupatsa moni pang'ono-pang'ono afuna masamba ambiri kuti timumvetse. Filimu yaciwiri, ya mu 1986, yotsogoleredwa ndi Toshio Hirata, inabweza zina: ionetsa ana amasiye patapita zaka zitatu, ndi imfa ya a Kimie. Ngakhale n'tero, mafilimu awiriwo pamodzi akali khomo cabe lolowera m'nyumba yaikulu.

Caciwiri, ena amati mabukuwo ali ndi mkwiyo wopitirira, ndipo m'mabuku omalizira Gen akamba ngati munthu wa ndale pa msonkhano. Pamenepa pali coonadi. Nkhaniyi itacoka mu Jump inatuluka m'magazini a magulu okhala ndi mbali pa ndale, kuphatikizapo ya bungwe la aphunzitsi a ku Japan, ndipo nthawi zina mnyamata wa zaka 13 alankhula mau aatali oyenera munthu wamkulu. Zina zimene Gen anena zokhudza nkhondo akatswiri a mbiri yakale akali kutsutsana nazo. Zojambula zake ndi zokhakhala, anthu amenyana makofi ndi kulumana pafupi-pafupi, ngakhale atate okonda mtendere aja dzanja lao n'lofulumira pa ana. Zonsezi tazionadi. Koma Nakazawa ndi mboni imene inaona ndi maso ali ndi zaka 6, ndipo mboni yotere tiimvetsera ndi mkwiyo wake womwe. Zofuna kuongola tingaongole ndi mabuku a mbiri yakale, mphunzitsi ali pomwepo. Cimene ticita naco cidwi n'cakuti mkwiyo wake sunasankhe mbali imodzi. Aimba mlandu America cifukwa coponya bomba pa mzinda wodzala akazi ndi ana. Aimbanso mlandu atsogoleri a Japan, mpaka Mfumu Hirohito imene, cifukwa coyambitsa nkhondo ndi kucedwa kugonja pamene anali atadziwa kuti zinthu zatha.

Kuti tidziwe mbali ya nkhaniyi imene iluma kwambiri, tiyang'ane zimene zinacitika mu mzinda wa Matsue, m'cigawo ca Shimane. Mu December 2012, mwezi womwewo umene Nakazawa anamwalira ndi khansa ya m'mapapo ali ndi zaka 73, ofesi ya zamaphunziro ya mzindawo inapempha masukulu kuti acotse mabuku a Gen pa mashelefu oonekera, kuti mwana asawawerenge popanda cilolezo ca mphunzitsi. Mabukuwa anali atakhala m'malaibulale a masukulu a ku Japan kwa zaka makumi angapo, ndipo ana anali kuona zithunzi za anthu opserera popanda wowatsekera. Zithunzi zimene zinachulidwa kwambiri pa nkhani ya ku Matsue ndi za m'buku lomaliza, zoonetsa asilikali a Japan akudula anthu mitu ndi kucitira nkhanza akazi m'maiko a ku Asia amene anawalanda. Nkhaniyi itamveka mu August 2013, anthu ambiri anakwiya, ndipo mwezi womwewo pempholo linabwezedwa. Phunziro lake n'loonekeratu. Kuonetsa mtundu wako ukuzunzidwa n'kosavuta kuvomereza. Kuonetsa mtundu wako ukuzunza ena ndiko kumabweretsa loko pa kabati.

Mu 2023 nkhani inabukanso, ulendo uno mu Hiroshima mwenimweni. Ofesi ya zamaphunziro ya mzindawo inacotsa zidutswa za Gen m'kabuku kophunzitsira za mtendere ka ana a giredi 3. Mabuku enieniwo sanaletsedwe, ndipo cifukwa cacikulu cimene anapereka n'cakuti zidutswa zocepa sizikwanira kuonetsa zimene bomba linacita. Koma anachulanso kuti pamene Gen aimba nyimbo zakale m'miseu kuti apeze ndalama ndi zinthu zosagwirizana ndi umoyo wa ana a masiku ano, ndi kuti pamene iye ndi Shinji aba nsomba m'dziwe la munthu wina kuti adyetse amai ao odwala pangasokoneze ana. Ife tiona mosiyana. Mwana wa zaka 8 sangamvetse nambala ya 140,000, koma amvetsa bwino lomwe mnyamata wa njala amene afuna kupulumutsa amai ake. Ndipo funso lakuti kodi Gen analakwa kuba nsomba ija ndi funso labwino kwambiri limene kalasi lingakambirane. Tikam'sambitsa Gen mpaka akhale mwana womvera wa zovala zoyera, ana sadzamukhulupirira.

Mwina wina afunsa kuti ife a ku Zambia zitikhudza bwanji zimenezi. Zitikhudza kuposa mmene tiganizira. Amene ayenda mu Burma Road mu Lusaka, kapena adutsa pa Arakan Barracks, kapena pa Chindwin Barracks ku Kabwe ndi Kalewa Barracks ku Ndola, achula maina a malo a ku Burma, dziko limene lero lichedwa Myanmar. Kumeneko asilikali a Northern Rhodesia Regiment, pamodzi ndi anzao a King's African Rifles ocokera ku Nyasaland ndi maiko ena, anamenyana ndi asilikali a Japan mu 1944 ndi 1945. Kwa ambuye athu amene anali ku Asia pa nthawiyo, kugonja kwa Japan pa 15 August 1945 kunatanthauza kubwerera kumudzi ali moyo. Iwo anatengedwa kukamenya nkhondo ya Britain, dziko limene linali kuwalamulira, monga mmene anthu a mtundu wa a Pak anatengedwera kukagwirira nchito nkhondo ya Japan. Tikawerenga za Koji, tiona nkhope ya mnyamata wa tsidya lina la nkhondo yomweyo, amene nayenso anakankhidwa ndi akulu-akulu.

Cinanso cili pafupi ndi malire athu. Miyala yambiri ya uranium imene America inasewenzetsa popanga mabomba ake oyamba inakumbidwa pa mgodi wa Shinkolobwe, kufupi ndi Likasi, ku Katanga m'dziko la Congo, kungodumpha malire kucokera ku Copperbelt. Mgodiwo unali wa kampani ya ku Belgium ya Union Minière du Haut-Katanga, ndipo mkulu wake Edgar Sengier anatumiza matani oposa 1,000 a miyalayo ku New York mu 1940. Nchito yopanga bomba inali yacinsinsi, motero amuna amene anali kukumba ndi manja ao sanauzidwe kumene thukuta lao lidzathera. Bomba limene linagwera Gen linayambira ulendo wake m'nthaka ya anansi athu. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili kwa iwe, koma pa nkhani iyi ife tinalimo kale.

Tsono ticite ciani ndi ana athu? Coyamba, dzina lakuti katuni lisatinamize. Filimu iyi si yoikira mwana wa zaka 6 n'kupita kukaphika nsima. Muli zithunzi zimene zingam'lepheretse kugona. Koma mwana wa m'magiredi omalizira a pulaimale kapena wa ku sekondale, amene kale-kale amaonerera anime za ziwanda ndi malupanga pa foni, angathe kuipirira, maka-maka munthu wamkulu atakhala naye pafupi. Nakazawa anajambulira nkhaniyi anyamata a msinkhu womwewo, m'magazini imene anali kugula ndi tindalama tao. Tikaopa kuwaonetsa imfa yeniyeni pamene tiwalola kuona imfa ya masewera tsiku ndi tsiku, ndiye kuti tawaphunzitsa kuti nkhondo ndi zosangalatsa.

Caciwiri, tiyambire ku buku loyamba tisanafike ku filimu. Mabukuwa alipo m'Cingelezi. Gulu la anthu odzipereka lochedwa Project Gen linayamba kuwamasulira mu 1976, ndipo kampani ya Last Gasp ya ku San Francisco inatsiriza kutulutsa onse 10 mu 2009. Mwana amene wawerenga mmene a Daikichi anamenyedwera cifukwa cokamba zoona, ndi mmene anansi anakhalira cete kapena kuombera m'manja, akafika pa 8:15 ya m'mawa uja afunsa mafunso ena. Afuna kudziwa amene anayambitsa nkhondoyo, cifukwa cimene anthu sanakanire, ndi zimene iye akanacita akanakhala mnansi wa banja la Nakaoka. Mafunso amenewo ndiwo atsala naye akakula, pa tsiku limene khamu lidzam'pempha kuti nayenso aponye mwala pa nyumba ya munthu woganiza mosiyana.

Nthawi nayo siili kumbali yathu. Mu 2024 bungwe la opulumuka mabomba a Hiroshima ndi Nagasaki, Nihon Hidankyo, linalandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Caka cotsatira, ciwerengero ca opulumuka olembedwa m'kaundula wa boma la Japan cinatsika kufika pansi pa 100,000, ndipo tikaphatikiza zaka zao n'kugawa, aliyense apitirira zaka 85. Posacedwa sipadzakhala wokamba kuti ndinaliko. Zidzatsala ndi zimene analemba ndi kujambula, ndipo zidzakhala kwa ife kusankha ngati tisunga nkhani yonse kapena mphindi zitatu zokha za moto.

M'nkhaniyi atate a Gen aphunzitsa ana ao ndi tirigu. Alimi a ku Japan amaponda tirigu wamng'ono m'nyengo yozizira kuti mizu yake igwire nthaka ndi kuti aphuke mwamphamvu, ndipo atatewo afuna kuti ana ao akhale otero. Filimu inasunga tiriguyo, ndipo inacita bwino. Buku linasunganso maina ndi nkhope za amene anali kupondawo. Tsiku lina kacidutswa ka kamtsikana ka cibaluni cofiira kakadzafikanso pa foni yanu, musangokatumiza kwa ena. Lembaniponso dzina la Keiji Nakazawa, ndipo muuze amene mwam'tumizirayo kuti afune buku loyamba, awerenge za Samejima.